Ndege ya asilikali imamwa mafuta ambiri, eya, koma amadziwa bwanji kuti yaononga kapena yagwira ntchito?

Sabata yatha ndinakhala pamzere wa mafuta pa boma pano pa Mchinji kuyambira m'mamawa mpaka dzuwa kufika paliwombo, nde mukudziwa mmene zimakhalira pamzere, anthu akatopa amayamba kukamba zilizonse. Kutsogolo kwanga kunali ankolo ena ake a kalole ka matani 3, kumbali kuno mnyamata wa kabaza atakhala pa njinga yake yamoto akuseweretsa foni. Iyeyo ndi amene anayambitsa nkhani, akuti waona kuti ndege imodzi yonyamula katundu wa asilikali aku America imatentha matani angapo a mafuta pa ola limodzi lokha.

"Ankolo, ife tikukanganirana malita 5 pano, anzathu akuotcha thanka yathunthu m'mwambamo, kumeneko si kuononga?"

Ankolo aja sanapupulume, anayamba apukuta kaye thukuta ndi kathaulo ka paphewa, kenako nkumufunsa kuti "Nanga mphwanga, ndegeyo inanyamula chani, ndipo imapita kuti?"

Mnyamata uja analibe yankho, foni sinanene zimenezo. Koma funso la ankolo lija ndi lomwelo lomwe akatswiri owerengera mafuta a ndege za asilikali amayambira. Ine ndinagwirapo ukalaliki kwa munthu wina wa malole onyamula fodya ndi soya, ntchito yanga inali kulemba ma ulendo ndi malita m'buku, ndipo nditayamba kuwerenga za ndege ndinadabwa kuona kuti masamu ake ndi apachibale ndi a m'buku langa lija, kungoti kwa asilikali kuli zina zomwe zimasokoneza. Tiyeni tiziyende pang'onopang'ono.

Mafuta ake ndi otani, nanga bwanji sayeza m'malita?

Ndege zikuluzikuluzi sizimwa petulo kapena dizilo. Zimamwa mafuta a mtundu wa palafini koma oyeretsedwa kwambiri, dzina lake Jet A-1, ndipo asilikali a maiko a NATO, mgwirizano wa chitetezo wa America, Canada ndi maiko ambiri aku Ulaya, ali ndi mtundu wake wothiramo timankhwala tina toonjezera womwe amautcha JP-8. Amapangidwa moti asaume ndi kuzizira kwa m'mwamba, Jet A-1 amayamba kuuma kukazizira kufika pa madigiri -47.

Ife pa pampu timagula malita, koma woyendetsa ndege amaganiza m'makilo. Zifukwa zake ndi ziwiri. Mafuta akatentha amafufuma, akazizira amakhwinyata, ndekuti lita ya masana a mu Okutobala ndi lita ya m'bandakucha wa mu Juni sizifanana kwenikweni, pomwe kilo ndi kilo basi, ndipo mphamvu ya mafuta imatsata kulemera kwake. Chinanso nchakuti ndege ili ndi malire a kulemera omwe singadutse ponyamuka ndi potera, nde chilichonse cholowamo, munthu, thumba, mafuta, chimawerengedwa pa sikelo imodzi. Lita imodzi ya Jet A-1 imalemera pafupifupi makilo 0.8, choncho tani imodzi ndi malita ngati 1,250.

Aku America amagwiritsa ntchito mapaundi, kilo imodzi ndi mapaundi 2.2, ndipo kusokoneza ziwirizi si nkhani yamasewera. Mu 1983 ndege ya Air Canada, Boeing 767, inanyamuka ndi mafuta osakwana ndi theka lomwe la amene amafunika chifukwa powerengera anasakaniza mapaundi ndi makilo, ma injini onse awiri anazima ili m'mwamba. Mwa chisomo anakatera pa bwalo lakale la asilikali ku Gimli, ku Canada komweko, osafa munthu. Inali ndege ya anthu wamba, koma phunziro lake aliyense wa zandege amalidziwa.

Muyezo waukulu, tani-kilomita

Apa nde pagona nkhani. Kungonena kuti ndege yamwa matani akuti pa ola sikutiuza kanthu, zili ngati kunena kuti banja lakuti limadya thumba la ufa pa sabata osanena kuti pakhomopo pali anthu angati. Muyezo womwe amagwiritsa ntchito kwambiri pa zonyamula katundu ndi tani-kilomita, kutanthauza tani imodzi ya katundu itayenda kilomita imodzi. Mumachulukitsa matani ndi mtunda, zomwe mwapezazo nkugawa ndi mafuta omwe atha. Aku America amawerengera m'mamailosi ndi magaloni koma nzeru yake ndi yomweyo.

Tiyerekeze ndi malole, manambalawa ndangoika kuti masamu aoneke. Kalole ka ankolo kanyamula soya matani 3, kayenda makilomita 100 kulowera ku Kanengo, kamwa malita 20. Ndekuti 300 kugawa ndi 20, lita iliyonse yagwira ma tani-kilomita 15. Pomwepo thiraki yaikulu yanyamula matani 30, msewu womwewo, yamwa malita 50. Munthu wongoyang'ana pa pampu anena kuti thirakiyo ndi chidakwa, koma 3,000 kugawa ndi 50 ndi 60, yaposa kalole kaja kanayi konse. Tsopano thiraki yomweyo muipatse matani 3 okha, imwabe mwina malita 38 chifukwa nayonso payokha ndi yolemera, yankho likutsika kufika pa 8, kalole kaja kapambana.

Ndege nazo ndi chimodzimodzi. C-130 Hercules, ya mapulopela anayi ija, yomwe inayamba kuuluka mu 1954 ndipo akuipangabe mpaka lero, imanyamula katundu wa matani ngati 19 kapena 20. Airbus A400M imafika 37. C-17 Globemaster imafika matani 77. C-17 imamwa kuposa Hercules kangapo pa ola, koma imanyamulanso pafupifupi kanayi ndipo imathamanga kwambiri, nde ikadzaza bwino pa ulendo wautali masamu ake amakoma. Kuituma ndi katundu wokwana mu Hercules nkofanana ndi thiraki ya matani 30 ija yanyamula matumba 60.

Kuti muone kusiyana kwa ndege ndi msewu, tiyerekezenso ndege yanyamula matani 18 mtunda wa makilomita 1,500 nkutentha matani 7 a mafuta, omwe ndi malita 8,750. Yankho likubwera ma tani-kilomita 3 ndi kakanthu pa lita. Thiraki ija inali pa 60. Palibe mkulu wa asilikali amene sadziwa zimenezi, nchifukwa chake katundu wambiri wa nkhondo amayenda pa sitima ya pamadzi, pa njanji ndi pamsewu, ndege ndi ya zinthu zachangu kapena za kumalo komwe njira ina kulibe.

Kubwerako chimanjamanja, ndi katundu wodzaza malo

Bwana wanga wakale uja ankadana kwambiri ndi lole yobwerera yopanda kanthu, dalaivala akatsitsa mabelo a fodya amayenera kusaka simenti kapena feteleza wobwera naye. Pa thiraki ija, ikabwerera yopanda katundu nkumwa malita 35 ena, ulendo wonse wadya 85 ndipo 60 uja watsika kufika pa 35. Ndege za asilikali vutoli ndi lalikulu kuposa makampani a katundu, chifukwa komwe kuli nkhondo kapena ngozi zinthu zimangopita, zobwerako nzochepa. Kuonjezera apo ndege nthawi zambiri imayamba yauluka yopanda kanthu kuchoka komwe imakhala kupita kokatenga katunduyo. Nde mukaona lipoti likutamanda nambala yabwino, funso loyamba nlakuti awerengera ulendo wonse kapena chigawo chokhacho chomwe inali yodzaza.

Pali mawu akuti load factor, ndi kuyerekeza katundu yemwe wanyamulidwa ndi yemwe ndegeyo ikanatha kunyamula, mwa maperesenti. Koma nawonso ali ndi kamsampha. Lole mukaikamo matiresi imadzaza mpaka pamwamba isanamve nkulemera komwe, mukaikamo simenti imalemedwa bodi ikadali ndi malo. Ndege nayo imatha kudzaza malo isanafike pa malire a kulemera, matenti, mabulangete, maneti a udzudzu, zonsezi nzopepuka koma zimadya malo. Asilikali aku America amapakira katundu pa mapaleti a muyezo umodzi otchedwa 463L, Hercules wamba imalowa 6, C-17 imalowa 18, C-5 Galaxy 36. Ndege itha kukhala kuti mapaleti onse adzaza koma pa sikelo ili pa theka, wowerengera matani okha anena kuti yaononga pomwe panalibe poika ngakhale katoni imodzi. Nchifukwa chake owerengera osamala amayang'ana zonse ziwiri, kulemera ndi malo.

Mafuta nawo ndi katundu

Ichi nde chomwe chimasiyanitsa kwambiri ndege ndi lole. Mu lole thanki yodzaza sisintha zambiri, koma mu ndege mafuta amatha kukhala matani makumimakumi, ndipo kuti anyamulidwe m'mwamba pamafunika kutentha mafuta ena. Taganizani munthu akupita kumunda wakutali atasenza chigubu cha madzi cha malita 20, kulemera kwa chigubucho kumamutopetsa mpaka amamwako madzi omwewo m'njira, akanatenga kabotolo sakanamva ludzu choncho. Oyendetsa ndege ali ndi kawerengedwe kachidule koti kulemera kulikonse koonjezera kumadya mafuta okwana 3 kapena 4 peresenti ya kulemerako pa ola lililonse. Ndekuti mukaonjezera tani imodzi ya mafuta pa ulendo wa maola 5, makilo 150 mpaka 200 atha pongonyamula tani imeneyo.

Komabe pali mafuta oonjezera omwe sakambirana, a chitetezo. Ndege imayenera kukhala ndi okafikira ku bwalo lina ngati komwe ikupita kwatsekeka, ndi ena ozungulira nawo m'mwamba podikira. Amenewo si kuononga ndipo pasapezeke munthu wofuna kusungira pamenepo, ndi miyoyo ya anthu. Zomwe owerengera amayang'ana ndi zopitirira apo, amayerekeza mafuta omwe pulani inanena kuti ndege itera nawo ndi omwe yateradi nawo. Ngati ulendo uliwonse ikutera ndi matani angapo osafunika, ndekuti pali chizolowezi chothira mongoopa, ndipo chikudya ndalama mwakachetechete.

Nthawi zina amathira ochuluka mwadala, amati tankering, kunyamuliratu mafuta obwerera chifukwa komwe ukupita kulibe, kapena ndi odula, kapena sukuwakhulupirira. Ife a m'malire muno timazidziwa bwino, munthu wopita ku Chipata amayamba wawerengera kuti mafuta akupezeka mbali iti ndipo akutchipa kuti. Pa pepala la tani-kilomita ulendo wotere umaoneka woipa, pa pepala la ndalama utha kuoneka wabwino, ndipo kwa mkulu wa asilikali amene akudziwa kuti kutsogoloko kulibe pampu ndi njira yokhayo.

Anzathu a tsidya linali anaziona zimenezi ndi maso. Mu Novembala 1965 boma la Ian Smith ku Rhodesia, yomwe lero ndi Zimbabwe, litadzilengeza kuti ladziimira palokha, Britain inaletsa mafuta kupita kumeneko, ndipo Zambia, yomwe mafuta ake ankadzera ku Rhodesia komweko, inatsala pouma. Nthawi imeneyo Chipata ikutchedwa Fort Jameson. Ndege za asilikali aku Britain ndi ma Hercules aku Canada zinayamba kutuluta mafuta m'migolo kuchokera ku Dar es Salaam, Nairobi ndi Leopoldville, yomwe lero ndi Kinshasa, mpaka kulowa mu 1966. Tangoganizani, ndege ikutentha mafuta kuti ikatule mafuta, nkubwereranso kukatenga ena. Zinathandiza dziko kupuma pa nthawi yovuta koma sizikanakhalitsa, ndipo mu 1968 anatsegula paipi ya TAZAMA yochoka ku Dar es Salaam kufika ku Ndola, makilomita pafupifupi 1,700.

Zimenezi zikutifikitsa pa ganizo lina lomwe asilikali aku America amaligwiritsa ntchito, loti mtengo weniweni wa lita si wa pa depoti ayi, koma uphatikize zonse zomwe zalowa kuti litayo ifike pomwe ikukagwira ntchito, mathanka, madalaivala, asilikali operekeza, ngakhale ndege zina zomwe ntchito yake nkumwetsa zinzake zili m'mwamba ngati KC-135. Lita yothiridwa m'mwamba imadula kangapo kuposa yothiridwa pansi. Ngati munagulapo petulo wa m'botolo kumudzi kutali ndi boma mukudziwa kale kuti mtunda umalowa mu mtengo.

Nyengo ndi bwalo

Ma ulendo awiri ofanana pa mapu samwa mofanana. Mphepo yochokera kutsogolo imatalikitsa ulendo, yochokera kumbuyo imafupikitsa, wa kabaza wa njinga yopalasa safunika kumuuza. M'mwamba kwambiri mpweya ndi wopepuka ndipo ndege imamwa pang'ono, pansi imamwa kwambiri, ndipo ponyamuka ndi pokwera mpomwe imamwa koposa, choncho timaulendo tifupitifupi timaoneka toipa pa masamu. Bwalo la Kamuzu ku Lumbadzi lili pamtunda wa mamita opitirira 1,200 kuchokera pa nyanja yamchere, nde kukatentha mpweya umapepuka, ma injini ndi mapiko sizigwira mofanana ndi ku Beira m'mphepete mwa nyanja, ndege yolemera imatha kukakamizika kuchepetsa katundu kapena mafuta. Wofananitsa magulu awiri a ndege osayang'ana zimenezi akulakwira gulu limodzi.

Pomwe tani-kilomita imalephera

Kampani ya katundu cholinga chake ndi phindu, nde muyezo umodzi umaikwanira. Asilikali ayi. Ndege ikanyamuka usiku kukatenga msilikali mmodzi wovulala, katundu wake ndi makilo 80 ndi madokotala awiri, pa tani-kilomita ndi ulendo woipitsitsa wa mwezi umenewo, koma munthu wapulumuka. Oyendetsa amafunikanso kuphunzira mosalekeza, kutera pa bwalo la dothi, kuuluka usiku, kuponya katundu ndi parachuti, ndipo ma ulendo amenewa nthawi zambiri mulibe katundu weniweni, matani ndi ziro. Kumalo a nkhondo ndege imatha kuzungulira njira yaitali pothawa mizinga, kapena kutsitsa katundu ma injini ali chilirire kuti inyamuke msanga. Zonsezi zimadya mafuta mwadala.

Ife tinaona mu Malichi 2023 namondwe Freddy atakokolola misewu ndi milatho ku Mulanje, Phalombe, Chikwawa ndi Nsanje. Ma helikopita, ena ochokera ku Tanzania, ndi amene amafika komwe galimoto sikanafika. Helikopita pa masamu a mafuta ndi yoipa kuposa ndege ya mapiko, imanyamula pang'ono nkumwa kwambiri, koma panalibe thiraki yoti muiyerekeze nayo chifukwa msewu kunalibe.

Chitsanzo chachikulu ndi mzinda wa Berlin ku Germany. Kuyambira Juni 1948 mpaka Meyi 1949 Soviet Union inatseka misewu, njanji ndi ngalande zolowera ku West Berlin, ndipo America, Britain ndi anzawo anadyetsa mzindawo ndi ndege mpaka Seputembala 1949, matani opitirira 2 miliyoni, ambiri mwa iwo malasha. Kunyamula malasha pa ndege! Koma ngakhale pamenepo ankayezabe. Anaona kuti ndege ya C-47 imanyamula matani ngati 3 pomwe C-54 imanyamula 10, koma zonse zimatenga mpata umodzi wotera pa bwalo lodzaza kale, nde aku America anachotsa zing'onozing'onozo nkutsala ndi zikuluzikulu. Chomwe chinali chosowa kwambiri kumeneko unali mpata wotera, ndiye muyezo wawo unali matani pa tsiku.

Nchifukwa chake owerengera amagawa ma ulendo m'magulu. A katundu wamba amayezedwa ndi tani-kilomita ndi kadzazidwe. A maphunziro amayezedwa ndi mafuta omwe atha pa phunziro lililonse lomwe lakwaniritsidwa, ndipo amafunsa ngati zina sizikanatheka pa makina oyeserera ali pansi. A changu amayezedwa ndi nthawi. Ndipo pa onsewo amayerekeza pulani ndi zomwe zachitikadi, komanso ndege ndi inzake ya mtundu womwewo, ngati imodzi ikumwa kuposa zinzake pa njira yomweyo ndekuti injini yayamba kutopa kapena yada. M'buku langa lija ndi mmenenso tinkagwirira lole yodwala, isanafe pamsewu. Koma zonsezi zimadalira kulemba moona, kale zinali za pamanja pa fomu, pano ndege zatsopano zimasunga zokha mu kompyuta, ndipo manambala akalowa olakwika lipoti lonse ndi bodza ngakhale litakongola bwanji.

Apa pali mbali ziwiri ndipo zonse zili ndi mfundo. Ena amati mukakakamiza oyendetsa ndege kusunga mafuta adzayamba kuchepetsa a chitetezo kapena maphunziro kuti nambala ikome. Ena amati mawu oti "ndi zachitetezo" amatha kubisa kusasamala kwenikweni, ndege zikuuluka theka chifukwa choti maofesi awiri sanauzane kuti onse ali ndi katundu wopita kumodzi.

1 peresenti yokha

Zaka zapitazi gulu la ndege za nkhondo la America linkatentha magaloni pafupifupi 2 biliyoni pa chaka, malita oposa 7 biliyoni, ndipo gawo lalikulu limapita ku ndege zonyamula katundu ndi zomwetsa zinzake, zomwe zili pansi pa Air Mobility Command ku Illinois. Akasunga 1 peresenti yokha ndi malita ngati 75 miliyoni, tikayerekeza thanka ya pamsewu ya malita 35,000 ndi mathanka opitirira 2,000. Nde amalimbana ndi tinthu tooneka tachabe, kutsuka mkati mwa injini, kuchotsa zitsulo ndi mabuku olemera osagwira ntchito nkuika kakompyuta ka tabuleti, kupakira katundu moti ndege ikhale bwino pakati, kugwiritsa ntchito magetsi a pabwalo m'malo moliza kainjini kake ili chiimire, kumata timapiko ting'onoting'ono kumbuyo kwa C-17 kuti mphepo idutse bwino. Anayesaponso kuulutsa ma C-17 motsatana kuti yam'mbuyo ikwere pa mphepo ya yakutsogolo monga zimachitira mbalame zouluka pamzere. Palinso za utsi, kilo imodzi ya mafutawa ikapsa imatulutsa makilo oposa 3 a mpweya wa kaboni.

Ife ndege zathu nzochepa, koma dontho lililonse limalowa kudzera m'madoko a kunja monga Beira, Nacala kapena Dar es Salaam ndipo limagulidwa ndi ndalama zakunja zomwezo zomwe tikusowa pogula feteleza ndi mankhwala. Asilikali athu akamapita ku DRC kukasungitsa mtendere, kapena madzi akasefukira ku chigwa cha Shire, wina amakhala pansi nkuwerengera kuti ndege iti, ma ulendo angati, mafuta athire kuti, ndipo ine ndimafuna munthu ameneyo akhale ndi manambala oona m'manja, komanso ife omva nkhani tizidziwa chofunsa, inanyamula chani, mtunda wanji, pobwera munali chani, ndipo njira ina inalipo kapena ayi.

Pamzere paja sindinathe kufotokoza zonsezi, ndinangofika pa masamu a thiraki, ndikulemba ndi kamtengo padothi, mnyamata wa kabaza akuwerengera pa foni kuti aone ngati ndikunama. Thanka inafika cha m'ma 1 koloko. Ankolo aja atathira dizilo anaimika kalole kawo pambali nkuyamba kuimba mafoni, anali ndi soya woti akatenge ku Kamwendo kupita naye ku Kanengo mawa lake, koma anati sanyamuka mpaka atapeza munthu wa simenti kapena malata woti abwere naye.